Kutsogolera Gulu pa Ulendo wa Tsiku Limodzi ku Bruges

Bruges ndi mzinda wakale wa ku Belgium, likulu la chigawo cha West Flanders, ndipo m'kati mwake mwadutsa ngalande zomwe kale munkayenda mabwato a amalonda. Pakati pa mzindawu ndi pang'ono, munthu mmodzi amatha kupadutsa wapansi osakwanitsa ola. Kuchepa kumeneku n'komwe kumapusitsa otsogolera magulu. Amaona mapu, n'kuganiza kuti zonse zionedwa dzuwa lisanalowe. Koma anthu 30 kapena 40 sayenda ngati munthu mmodzi. Wina akufuna chimbudzi, wina waima pa sitolo ya chokoleti, agogo atopa ndi miyala ya mumsewu, ana akufuna kuona mahatchi. Ngati muli ku Britain, ku Belgium konko kapena ku mayiko oyandikana nawo, ndipo gulu la mpingo, la abale kapena la anthu akumudzi lakupatsani udindo wokonza ulendowu, malangizo awa ndi anu.

Yambani ndi mapepala, miyezi itatu tsikulo lisanafike

Musanakambe za basi kapena chakudya, funsani munthu aliyense payekha kuti ali ndi pasipoti ya dziko liti. Belgium ili m'gulu la mayiko a Schengen, mayiko a ku Ulaya omwe amagwiritsa ntchito viza imodzi. Amene ali ndi pasipoti ya Britain amalowa popanda viza pa ulendo waufupi, koma amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, ngakhale ali ndi chilolezo chokhala ku Britain. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: chilolezo chokhala ku Britain sichikutsegulirani chipata cha ku Belgium.

Vizayi imapemphedwa ku ofesi yoimira dziko limene mukupitako, kutanthauza Belgium, ngakhale basi yanu itadutsira ku France. Mtengo wake kuyambira mu 2024 ndi ma euro 90 kwa wamkulu ndi 45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 12, osawerengera ndalama ya kampani yolandira mafomu. Amafunanso inshuwalansi ya paulendo yofika ma euro 30,000, ndipo pasipoti iyenera kukhala ndi moyo wa miyezi itatu kapena kuposerapo kuchokera tsiku lotuluka m'mayiko a Schengen. Mpata wokapereka mafomu umavuta kupeza m'nyengo yotentha, n'chifukwa chake ndikunena za miyezi itatu. Mwana amene akuyenda ndi azakhali kapena ndi kholo limodzi akhale ndi kalata yachilolezo yosainidwa ndi makolo.

Munthu asalipire mpando wa basi viza yake isanatuluke, pokhapokha atavomereza kuti ndalamayo sidzabwezedwa. Nenani zimenezi poyera pa tsiku loyamba kuti pasadzakhale kukwiyirana.

Sankhani tsiku ndi njira

Bruges amalandira alendo mamiliyoni pa chaka, ndipo ambiri mwa iwo amabwera tsiku limodzi lokha ngati inu. Amafika cha m'ma 11 koloko m'mawa n'kuchoka cha m'ma 4 kapena 5 madzulo. Ena amachokera pa sitima zikuluzikulu zapanyanja zomwe zimakocheza pa doko la Zeebrugge. Loweruka la mu July kapena August misewu ya pakati imadzaza moti gulu lanu lidzaduka pakati kangapo. Ngati anthu anu angathe kupeza tchuthi m'kati mwa sabata, sankhani Lachiwiri kapena Lachinayi mu May, June kapena September. Lachitatu m'mawa pa bwalo lalikulu la Markt pamakhala msika, chinthu chosangalatsa kuona koma chimachepetsa malo oimapo gulu. Pewani tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Ambuye, pokhapokha ngati cholinga chanu ndi kukaona mdipiti wa Magazi Oyera womwe umachitika tsikuli chaka chilichonse, chifukwa misewu yambiri imatsekedwa. Maboti a m'ngalande amayenda mokhazikika kuyambira mu March mpaka chapakati pa November, choncho ulendo wa m'nyengo yozizira ukhoza kukumanitsani chinthu chimene ambiri adzera.

Kuchokera ku London pali njira ziwiri. Yoyamba ndi sitima ya Eurostar kuchokera pa St Pancras kukafika ku Brussels-Midi, ulendo wa maola awiri, kenako sitima ya m'dziko momwemo yopita ku Bruges, ola limodzi. Pa zikwangwani za ku Belgium muzifufuza dzina lakuti Brugge, chifukwa ndi mmene eni mzindawo, omwe amalankhula Chidatchi, amalembera. Kawirikawiri imakhala sitima yopita ku Oostende kapena ku Blankenberge, yodzera ku Gent. Njira yachiwiri ndi kubwereka basi yonse. Basi imawoloka pa sitima yodutsa pansi pa nyanja kuchokera ku Folkestone kupita ku Calais, mphindi 35, kapena pa sitima yapamadzi kuchokera ku Dover, pafupifupi ola ndi theka. Kuchoka ku Calais kukafika ku Bruges ndi ola linanso ndi theka.

Gulu likaposa anthu 25, ine ndimasankha basi. Imatenga nthawi yaitali, koma anthu onse ali pamodzi, katundu wotsala amakhala m'basimo, ndipo palibe amene angatsale pa pulatifomu ku Brussels sitima itatseka zitseko. Funsani kampani ya basi ngati idzatumiza madalaivala awiri. Malamulo salola dalaivala kuyendetsa maola opitirira anayi ndi theka osapuma mphindi 45, ndipo pali malire a maola a tsiku lonse. Kampani imene ikukulonjezani ulendo wonsewu ndi dalaivala mmodzi pa mtengo wotsika ifotokoze bwino mmene ichitire.

Kumbukirani kuti nthawi ya ku Belgium ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Britain. Mukanyamuka ku London 5 koloko m'mawa, yembekezerani kufika cha m'ma 12 koloko masana pa nthawi ya ku Bruges. Nthawi zonse zimene mudzalengeza kwa gulu zikhale za ku Belgium, ndipo muwauze anthu asinthe mawotchi a pamkono mukangowoloka.

Gawanani ntchito

Pakhale msungichuma amene atolere ndalama zonse ulendo usanayambe: basi, boti, ndi kangachepe ka zogwa mwadzidzidzi. Kutolera ndalama pa mzere wa boti, wina akufufuza khadi, wina akuti andibwereke kaye, kumadya theka la ola.

Kenako gawani anthu m'timagulu ta anthu 8 kapena 10, kalikonse ndi mtsogoleri wake amene akudziwa mayina ndi nkhope za anthu ake. Kuwerenga anthu 40 pa bwalo lodzaza n'kovuta, koma kufunsa atsogoleri anayi kuti anthu anu akwana kumatenga mphindi imodzi. Munthu mmodzi wamphamvu ndi woleza mtima aziyenda kumapeto kwenikweni, ndipo pasapezeke wina kumbuyo kwake. Tsegulani gulu la WhatsApp la ulendowu lokha, koma musadalire foni yokha. Ena mafoni awo sagwira intaneti akatuluka m'dziko. Aliyense, makamaka ana ndi achikulire, akhale ndi kapepala m'thumba kolembedwa nambala za atsogoleri awiri, malo okumaniranapo ndi nthawi yonyamukira. Nambala yoitanira apolisi kapena ambulansi ku Belgium ndi 112.

Sankhani zinthu zitatu zokha

Apa m'pagona ulendo wonse. Mudzakhala ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi mumzindamo, ndipo pa komiti aliyense adzabwera ndi chake: nyumba zosungiramo zojambula, malo ofululira mowa, nsanja, matchalitchi, mphero zoyendera mphepo za ku Kruisvest. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani zinthu zitatu zimene gulu lonse lidzachitire pamodzi, zotsalazo zikhale za nthawi yomasuka.

Zitatu zanga ndi izi: kuyenda wapansi kuchokera ku paki ya Minnewater kudutsa ku Begijnhof komwe kumakhala masisitere, kukwera boti, ndi kuima pa mabwalo awiri a Burg ndi Markt. Zonsezi zili pa mzere umodzi wochokera kummwera kupita pakati pa mzinda, choncho simubwerera m'mbuyo, ndipo chimodzi chokha n'cholipira.

Zonyamula

Nsapato zikhale zafulati, zozolowera kale phazi. Misewu ya ku Bruges ndi yowaka ndi timiyala, ndipo nsapato za gogoda zimalowa m'mipata. Zikuku za ana ndi njinga za olumala zimayenda koma movutikira, choncho amene akukankha apatsidwe womuthandiza. Jekete ya mvula ndi yabwino kuposa ambulera, chifukwa m'boti ambulera imatchinga anzanu. Tengani botolo la madzi, pawabanki, ndi timakobiri ta euro, popeza zimbudzi zambiri n'zolipira.

Za kamba, mverani bwino. Kuyambira mu 2021 n'koletsedwa kulowetsa nyama, mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku zimenezi m'mayiko a European Union kuchokera ku Britain. Nkhuku yokazinga, masoseji, masamusa a nyama, buledi wopaka tchizi, zonsezi zikhoza kulandidwa pa chipata. Ngati amayi a m'gulu akonza zoterezi, zidyedwe musanawoloke. Uzani anthu sabata yathunthu pasadakhale kuti asavutike kuphika usiku wonse zinthu zokatayidwa.

Mukafika

Mabasi a alendo saloledwa kulowa pakati pa mzinda. Amatsitsa anthu pa Bargeplein, kummwera, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Musanachoke pamalopo chitani zinthu ziwiri: aliyense apite kuchimbudzi, ndipo aliyense ajambule malowo ndi nambala ya basi pa foni yake. Madzulo pamakhala mabasi ambiri ofanana. Ngati mwabwera pa sitima, tulukirani mbali yoloza pakati pa mzinda, muwoloke msewu waukulu n'kulowera kumanja, mupeza paki ya Minnewater.

Kuchokera pa Bargeplein mumawoloka mlatho wofiira n'kulowa m'paki ya Minnewater. Apa musathamange. Anthu angotsika m'basi, miyendo idakali youma, ndipo dziwe la Minnewater ndi malo abwino ojambulira chithunzi cha gulu lonse anthu asanatope. Patsogolo pang'ono mudzaona mbalame zoyera za makosi ataliatali zonga atsekwe, zomwe mzindawu umazisamalira ngati chizindikiro chake.

Kenako mufika pa Begijnhof. Malowa anakhazikitsidwa mu 1245 kuti muzikhala amayi opembedza amene sanali pabanja koma sanalumbire malumbiro a usisitere. Kuyambira mu 1927 mwakhala mukukhala masisitere a chipani cha Benedikito. Ndi bwalo la udzu ndi mitengo italiitali, lozunguliridwa ndi tinyumba toyera. Pachipata pali chikwangwani chopempha bata, ndipo pempholi ndi lenileni chifukwa ndi kwawo kwa anthu. Ife tikakhala pagulu timakonda kuseka mokweza ndi kuyambitsa nyimbo, zomwe n'zabwino m'basi, koma pano auzeni anthu musanalowe kuti mawu atsike. Mphindi 15 zikwana.

Mukatuluka, dzerani pa Wijngaardplein pomwe mahatchi okoka ngolo za alendo amapumira ndi kumwa madzi, kenako Walplein. Pa Walplein pali De Halve Maan, malo akale ofululira mowa omwe mu 2016 anaika paipi yapansi pa nthaka yotalika makilomita oposa atatu yotumizira mowa ku fakitale yothira m'mabotolo kunja kwa mzinda, pofuna kuchepetsa malole m'timisewu topanikizika. Ngakhale osamwa amachita nayo chidwi nkhaniyi. Kuchoka apo mulowa mu Katelijnestraat, msewu wodzaza masitolo a chokoleti ndi waffle, ndipo apa m'pamene gulu limamwazikira. Lonjezani anthu kuti adzagula pobwerera, chifukwa mudzadutsanso momwemu. Chenjezaninso za njinga ndi ngolo. Okwera njinga kuno ndi eni mzinda amene akuthamangira kuntchito, ndipo gulu loyenda motambasuka msewu wonse limawatsekereza.

Mukawoloka mlatho wolowera mu Mariastraat, kumanzere kuli Sint-Janshospitaal, chipatala cha m'zaka za m'ma 1100 chomwe tsopano chimasunga zojambula za Hans Memling. Kumanja kuli tchalitchi cha Onze-Lieve-Vrouwekerk, chokhala ndi nsanja ya njerwa yotalika mamita oposa 115. M'katimo muli chosema cha Maria ndi Mwana chomwe Michelangelo anasema pa mwala wa mabo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, ndipo amalonda a ku Bruges anachigula iye akadali moyo. Mbali imene kuli chosemachi n'njolipira. Amene akuchifuna abwerere pa nthawi yomasuka.

Boti

Pali malo asanu okwerera maboti, onse pakati pa dera la tchalitchichi ndi Burg, ndipo onse amayenda njira yofanana kwa mphindi pafupifupi 30. Choncho musaumirire pa mzere wautali chifukwa choti ndi malo oyamba kuwaona. Tumizani msungichuma ndi munthu mmodzi atsogole kukaona komwe mzere uli waufupi ndi kugula matikiti a onse, pamene gulu likujambula zithunzi pa kamlatho ka Bonifacius kuseri kwa tchalitchi. Ndi bwinonso kulembera kampani ya maboti masiku angapo pasadakhale kuti mukubwera ndi gulu. Ngati simukwana m'boti limodzi, gawanani motsatira timagulu tija, ndipo ofika msanga adikire pamalo omwe atsikira.

Maboti ndi osafolera ndipo amakhala pafupi ndi madzi. Achikulire athandizidwe potsika masitepe, ana akhale pakati, ndipo aliyense akhale pansi mpaka boti litaima. Milatho ina ndi yotsika moti wamtali amawerama. Woyendetsa amafotokoza m'zilankhulo zingapo, muuzeni pokwera kuti gulu lanu limamva Chingerezi.

Mphindi 30 zimenezi zimakoma kwambiri anthu akadziwiratu chimene akuona, choncho afotokozereni m'basi musanafike. Mu 1134 namondwe anatsegula njira ya madzi yotchedwa Zwin yomwe inalumikiza Bruges ndi nyanja. Kwa zaka mazana atatu otsatira, mzindawu unali umodzi mwa misika ikuluikulu ya ku Ulaya. Ubweya wa nkhosa unkachokera ku England n'kuwombedwa nsalu ku Flanders, ndipo amalonda a ku Genoa, Venice, Spain ndi mizinda ya ku Germany anali ndi nyumba zawo kuno. Pofika cha m'ma 1500 mchenga unali utatseka Zwin, malonda anasamukira ku Antwerp, ndipo Bruges anasauka. Umphawi womwewo ndi umene unathandiza kusunga mzindawu, chifukwa panalibe chuma chogwetsera zakale n'kumanga mafakitale monga zinachitikira kwina. Nyumba zina zinakonzedwanso m'zaka za m'ma 1800 motsatira mamangidwe akale, choncho si zonse zooneka zakale zomwe zili za nthawi imeneyo, koma misewu ndi ngalande zili m'malo mwake. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaika pakati pa mzindawu pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Burg ndi Markt

Mukatsika boti, imani pang'ono pa Rozenhoedkaai, pomwe ngalande imakhota ndipo nsanja ya mabelu yotchedwa Belfort imaonekera kuseri kwa nyumba. Ndi malo ojambulidwa kwambiri mumzindawu ndipo ndi opanikiza, choncho kagulu kalikonse kajambule pakokha. Dutsani pa Vismarkt, msika wakale wa nsomba, muwoloke mlatho n'kulowa m'kanjira ka Blinde-Ezelstraat komwe kadzakutulutsirani pa Burg.

Pa Burg pali nyumba ya khonsolo ya mzinda yomwe inayamba kumangidwa mu 1376, ndipo pakona pali tchalitchi chaching'ono cha Magazi Oyera, chosanjikizana, momwe amasunga kabotolo komwe mwambo wa kumeneko umati muli magazi a Khristu. Kwa gulu la Akatolika malowa akhoza kukhala pachimake pa ulendo wonse, ndipo ndi bwino kuona pasadakhale maola amene amatsegula, chifukwa ndi malo opemphereramo. Kuchoka apo kamsewu ka Breidelstraat kakufikitsani pa Markt.

Pakati pa Markt pali chipilala cha Jan Breydel ndi Pieter de Coninck, omwe amakumbukiridwa pa kuukira ulamuliro wa France mu 1302. Chipilalachi chikhale malo anu okumaniranapo. Chimaoneka kuchokera mbali zonse za bwalo, ndipo wosochera akhoza kungoyang'ana nsanja ya Belfort n'kuilondola.

Nkhomaliro ndi nthawi yomasuka

Musayese kukhazika anthu 40 mu lesitilanti imodzi popanda kubukitsa. Malo odyera ozungulira Markt ndi odula, ndipo mukalowa timisewu tiwiri kapena titatu kumbali mitengo imatsika. Chophweka ndi kumasula anthu kwa ola ndi theka kapena maola awiri kuti adye m'timagulu. Patsinde pa Belfort pamakhala tinyumba togulitsa tchipisi, chomwe anthu a ku Belgium amadya ndi mayonezi, ndipo n'chokhutitsa pa mtengo wabwino. M'malesitilanti madzi akumwa amagulitsa, sapereka aulere.

Achinyamata adzafuna kukwera Belfort. Nsanjayi ndi yotalika mamita 83, ili ndi masitepe 366 opanda chikepe, ndipo pamwamba pali mabelu 47. Masitepe amapanikiza mukamayandikira kumwamba, ndipo amalowetsa anthu ochepa nthawi imodzi, choncho ofuna kukwera agule matikiti pa intaneti pasadakhale, a nthawi yogwera m'kati mwa nthawi yomasuka. Wodwala mtima, mphumu kapena mawondo asakakamizidwe. Ofuna bata ayende chakumpoto kukafika pa Jan van Eyckplein, mphindi zosakwana 10 kuchokera pa Markt, pomwe anthu amachepa ndipo pali pokhala m'mbali mwa madzi.

Polengeza nthawi yokumana, tchulani ola lenileni, osati kuti tikumane pakatha maola awiri. Nenani kawiri, lembani pa WhatsApp, ndipo atsogoleri a timagulu abwereze kwa anthu awo.

Kubwerera ku basi

Werengani nthawi chobwerera m'mbuyo. Yambani ndi ola limene basi iyenera kukhala itafika ku Calais, chotsanipo maola awiri a pamsewu kuti mukhale ndi mpata, ndipo mupeza nthawi yonyamukira pa Bargeplein. Munthu mmodzi amayenda kuchokera pa Markt kukafika pa basi mphindi 20 kapena 25. Gulu lotopa, lonyamula majumbo, lomwe munalilonjeza chokoleti mu Katelijnestraat, lipatseni ola lathunthu. Choncho ngati basi inyamuka 6 koloko, kumanani pa chipilala 4:45 ndipo muyambe kuyenda 5 koloko.

Wina akasowa pa nthawi yokumana, gulu lisamwazikane kukamufuna. Mtsogoleri wa kagulu kake ndi munthu mmodzi atsale pa chipilala akumuimbira foni, ena onse ayambe ulendo wa ku basi. Pa masitolo a chokoleti perekani mphindi 20 zotchulidwa, woyenda kumapeto uja aime pakhomo la sitolo yomaliza mpaka onse atatuluka. Chokoleti chisaikidwe pafupi ndi mawindo kapena pa chotenthetsera cha m'basi.

Musanakwere, aliyense apitenso kuchimbudzi ndipo atulutse pasipoti m'chikwama chachikulu n'kuiika pomwe angaipeze msanga, chifukwa ku Calais nonse mudzatsika kukaonetsa mapepala kwa apolisi a France ndi a Britain. Amene amakhala ku Britain pa chilolezo akhale ndi umboni wake pafupi. Basi isasunthe mpaka mtsogoleri wa kagulu kalikonse atanena kuti anthu ake akwana, ndipo inu mutawerenganso mitu kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo.